Ndinalemba loya kuti andichotsere tenanti wosalipira ku Kapata: zimene ndalama yanga inagula

Anzanga a kumsika ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa ngati kupita kwa loya pa nkhani ya tenanti n'kwanzeru, kapena n'kungoponya ndalama ina pamwamba pa yotayika kale. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano. Ine ndikuti pitani, koma musapite ndi mtima woti loya akakutolerani renti yonse imene inadyedwa, chifukwa si zimene amagulitsa. Ofesi imene ndinapitako ndi yaing'ono, ya m'tauni mwathu mom'muno, pamwamba pa shopu. Dzina sinditchula poti pali zina zimene ndidandaule m'munsimu, ndipo mayi amene anagwira nkhani yanga sanandilakwire moti n'kumuika pambalambanda.

Nyumba yanga ili ku Kapata, kuno ku Chipata m'dziko la Zambia, ya mabanja awiri khoma limodzi, zipinda zogona ziwiri mbali iliyonse. Ndinaimaliza mu 2023, boma litalola kuti munthu atapeko 20 peresenti ya ndalama zake za penshoni za ku NAPSA asanafike popuma. Ndinagwirapo ntchito zaka zambiri ku kampani ya thonje ndisanayambe kugulitsa zitenje, ndiye ndalama imeneyo ndi imene inagula malata, siling'i ndi mamita awiri a magetsi a ZESCO. Renti inali K1,800 pa mwezi. Mbali imodzi muli anamwino, sindinayambe ndawagogodera chitseko. Mbali inayi ndinaikamo bambo wa ana atatu, wogula ndi kugulitsa soya ndi mtedza, munthu wooneka bwino, nsapato zopolisha tsiku lililonse. Chaka choyamba analipira osamukumbutsa. Chitafika chilala cha 2024 anayamba kubweretsa theka, kenaka "mawa amayi", kenaka zii. Ndinamupirira, nanga chaka chimenecho wa malonda a mbewu akanagula chiyani m'midzi? Koma chaka chotsatira mvula inagwa bwino, anthu anakolola, iye n'kukhoma dishi yatsopano ya TV pakhoma langa, renti ayi. Pofika mu Juni 2025 ngongole inali K12,600, ndalama ya miyezi 7 yathunthu.

Nditamupatsa kakalata kanga ka pamanja koti mwezi ukatha asamuke, anakawerenga ataima pakhonde, n'kukapinda kanayi. "Amayi, ine malamulo ndimawadziwa. Mukangokhudza chitseko ichi tikaonana kukhoti, ndipo nyumba yomweyi mudzaigulitsa kuti mundilipire. Loya wanga ali ku Lusaka." Anawonjeza kuti anaika mabagalaba m'mawindo ndi matailosi kukhitchini ndi ndalama za m'thumba mwake, ndiye ati kuwerengera bwino wangongole ndine. Anatchulanso ZRA, bungwe lotolera misonkho, kuti akandinenera za msonkho wa renti.

Alongo anga a ku Mchini atamva anabwera ndi anyamata awiri ndi chikwama cha zitsulo. Akuti tizule zitseko zonse, tisasule malata awiri pamwamba pa chipinda chogona, aona yekha msewu. Ena akuti tsekani madzi. Ena akuti dikirani apite kutauni muike loko wamkulu. Ndi mmene ambiri amachitira m'makomboni mwathu, ndipo kawirikawiri zimatheka chifukwa tenanti amakhala wamantha. Wangayu mantha analibe, ndipo mmene ankatchulira chitseko chija, zinandionekera ngati akuchita kundiitanira. Ndinawauza alongo anga kuti ayambe adya nsima, ine ndikamve kaye kwa odziwa. Kupolisi anandiuza zimene amauza aliyense, kuti ngongole ya renti si mlandu waupandu, ndi nkhani ya anthu awiri yofunika khoti. Sananame.

Kuonana ndi loya koyamba ndinalipira K500, lisiti anandipatsa. Ndi mayi wachitsikana, mwina msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chinyanja chathu chenicheni, osati chija cha ku Lusaka chosakaniza. Kumbuyo kwa mpando wake kunali satifiketi ya Law Association of Zambia ya chaka chomwecho. Muziyang'ana imeneyi mukalowa mu ofesi iliyonse, chifukwa amaitenga chaka ndi chaka, ndipo pali anthu a majekete amene amazungulira pafupi ndi makhoti n'kumalembera anthu makalata pamene si maloya.

Funso lake loyamba linandidabwitsa. Sanafunse za ndalama. Anafunsa ngati bamboyu m'nyumbamo amangogonamo kapena amagulitsiramo. Ndinati amagonamo, koma pabalaza pamakhala matumba a soya mpaka kudenga. Anafuna kuona pangano lathu, n'kupeza mzere wonena kuti nyumbayi ndi yokhalamo banja. Anati zili bwino, chifukwa malamulo ake ndi awiri osiyana. Nyumba yogonamo imayendera Rent Act, Chapter 206, lamulo la mu 1972. Shopu kapena malo a bizinesi amayendera lina, Chapter 193, ndipo kumeneko notisi yothetsa pangano siichepera miyezi 6. Inu a mashopu ku Down Shops ndi m'mbali mwa Umodzi Highway, musatengere nkhani yangayi ndendende.

Kenaka anatsegula lamulolo pa kompyuta, n'kutembenuza kuti ndizionera nawo, akumasulira mzere ndi mzere. Apa ndi pamene K500 yanga inagwira ntchito. Mwini nyumba alibe mphamvu yotulutsa tenanti ndi manja ake. Amatulutsa ndi khoti, pa zifukwa zimene lamulo latchula, ndipo kusalipira renti ndi chifukwa choyambirira pa mndandandawo. Kugwira katundu wa tenanti, kaya firiji kaya TV, kuti ukhale chikole cha renti, nakonso kumafuna chilolezo cha khoti. Ndipo anandichenjeza za bodza limene eni nyumba timalikonda, lija loti "mwana wanga akubwera kudzakhalamo". Ukanena kuti nyumba ukuifuna wekha, lamulo limafuna notisi ya miyezi 12. Ndiye munthu amene ali ndi chifukwa champhamvu cha ngongole, akachisiya n'kunamizira mwana pofuna kuoneka waulemu, wadzitalikitsira yekha ulendo. Anafunsanso kuti polowa ndinamulipiritsa miyezi ingati ya patsogolo. Ndinati umodzi ndi dipoziti. Anagwedeza mutu, nati lamulo lomweli limaletsa kulandira renti ya patsogolo yoposa miyezi iwiri, ndipo tenanti wochenjera amayambira pomwepo. Ndinaganiza za anzanga onse amene amati miyezi itatu kapena osalowa. Za ZRA anangofunsa ngati ndili ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ndipo ndimapereka msonkho wa renti. Nditati inde, nkhaniyo inathera pomwepo.

Mawu amene anandikhazika mtima pansi ndi awa, ndipo ndawabwereza kwa anthu ambiri: "Amayi, bamboyu panopa alibe mlandu ndi inu. Akudikira kuti mumupatse. Tsiku limene alongo anuwo adzazule chitseko ndi limene adzapeze chokanena kwa woweruza, ndipo ngongole yake idzabisala kuseri kwa chitseko chomwecho." Anandiuza kuti madzi asatsekedwe, malaiti asakhudzidwe, ndisalowe m'nyumbamo, ndisamunyoze pa anthu kapena pa Facebook, ndipo chilichonse chomuuza chikhale cholemba. Anatenganso nambala ya alongo anga n'kuwaimbira ine ndili pomwepo. Anawalankhula mwaulemu, "malume" apa "malume" apo, koma chikwama cha zitsulo chinabwerera ku Mchini tsiku lomwelo. Ine ndekha sakanandimvera.

Munthu wachiwiri woyenera kumuyamikira ndi kalaliki wa ofesiyo, mnyamata wowonda wa magalasi. Ndinabwera ndi pepala la pulasitiki lodzaza: pangano la masamba awiri lolembedwa pa kompyuta, kope la chikuto cholimba limene tenanti ankasainamo akalipira, ndi foni yanga. Anakhala nane masana onse. Anajambula tebulo, mwezi ndi mwezi, ndalama yoyenera apa, yolipidwa apa, yotsala apa. Mauthenga onse a Airtel Money anawafananiza ndi za m'kope, ngakhale amene anabwera pa nambala ya mkazi wa tenanti. Anafufuzanso mu WhatsApp mpaka anapeza uthenga wa usiku wina pamene bamboyu analemba yekha kuti "ngongole ndikuidziwa amayi, ndikagulitsa soya ndimaliza". Anausindikiza pa pepala pamodzi ndi tsiku lake. Ine ndinkafuna tiwonjezepo kanthu, chiwongoladzanja ndi ndalama ya matenda a mtima amene anandidwalitsa. Loya anakana. Anati tilembe ndalama yokhayo imene tingailoze ndi chala, za chiwongoladzanja tidzapempha khoti ndipo lidzaona lokha, chifukwa nambala imodzi yokokomeza imachititsa woweruza kukayikira zonse.

Kalata yoitanitsa ngongole inali K1,000. Poyamba ndinaona ngati yadula, tsamba limodzi lokha. Inanena ndalama, inanena miyezi yake, inamupatsa masiku 14, n'kumaliza kuti ngati ali ndi loya, loyayo ayankhe ku ofesi. Kalaliki anakapereka yekha pa njinga. Bamboyu anakana kusaina. Mnyamatayo sanakangane naye. Anangolemba tsiku, nthawi, ndi kuti wakana, anamwino aja n'kusainira ngati mboni. Loya wa ku Lusaka uja sanalembe, sanaimbe, mpaka lero sitinamumve. Amene anabwera ndi tenanti mwiniwake, madzulo, ndi K2,000 m'manja, mawu atatsika. Ndinaimba foni kufunsa ngati ndilandire. Anati landirani, koma palisiti mulembe kuti ndi gawo la ngongole yakale, asadzanene kuti walipira mwezi uno ndipo mwagwirizana kuyambiranso. Masiku 14 anatha osabweranso china, ndiye tinakasuma.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, poti zilipo ndipo si zazing'ono.

Mtengo wa mlandu sanaulembe. Anandiuza pakamwa kuti ndiike K6,000 ya ntchito yake, ndi K1,200 ya zolipira kukhoti ndi kukapereka zisamani. Ndinamva ngati zathera pomwepo. Nkhani itatha kunabwera bilu ina ya K1,500, akuti ya mapepala, mafoni ndi maulendo. Mwina ndi yoona, koma munthu wogulitsa zitenje amafuna kudziwa mtengo asanadule nsalu. Mukapita, kaya ndi ofesi iti, nenani kuti akulembereni papepala: iyi ndi ya loya, iyi ndi ya khoti, iyi ingadzabwere ngati zitavuta.

Chachiwiri ndi foni. Mlandu ukangolowa kukhoti, loya wako amasanduka wa anthu onse. Ukaimba, mtsikana wa pakhomo akuti alowa m'khoti. Mawa akuti ali ku Katete. Mkuja akuti akwera basi ya ku Lusaka. Ndikumvetsa kuti ofesi ya loya mmodzi singakhale paliponse, koma uthenga umodzi wa pa foni sutenga nthawi. Tsiku lina ndinatseka shopu, ndinavala bwino, ndinakakhala pa benchi kuyambira m'mawa, dzuwa litafika pamutu n'kumva kwa kalaliki wa khoti kuti mlandu unasunthidwa kale ndipo ofesi ya loya wanga inauzidwa. Anaiwala kundidziwitsa. Anapepesa, inde, koma malonda a tsiku limenelo sanabwerere. Nthawi yonseyi tenanti ali phee m'nyumba, akusamba madzi anga, renti ya mwezi ndi mwezi ikungowonjezekera pa ngongole. Mukamva anthu akuti kukhoti kumachedwa, kuchedwa kwake kumapweteka motere: umadutsa pa nyumba yako, ukuona makatani a munthu wina akuuluka pawindo, iwe wachokera kokalipira loya.

Chachitatu, mapepala onse ndi a Chingerezi, chija cholimba cha malamulo. Chikalata cholumbira, afidaviti, chimene ndinakasaina pamaso pa wolumbiritsa, anandiwerengera mothamanga ali chiimire, chikwama chili kale paphewa. Ine sukulu ndinapitako ndithu, ndinapempha kope n'kukawerenga kunyumba. Nanga agogo a ku Navutika amene ali ndi tizipinda titatu ta renti, akasaina chimene sanachimve? Luso lomasulira limene anandionetsa tsiku loyamba lija likanayenera kukhalapo mpaka kumapeto. Masitepe a ofesiyo nawo ndi opapatiza ndi otsetsereka, wa miyendo yovuta aganize kawiri.

Tsiku limene mlandu unamvekadi, mu Okutobala, kukutentha kwa mnanu, tenanti anabwera atavala suti, fayilo kukhwapa. Mkazi wake anali pambuyo, mwana kumsana. Mayiyo anabwera pamene ndinakhala, n'kugwada pang'ono, "Mwauka bwanji amayi?" Ndinayankha, koma mtima unandiwawa, poti iyeyu sanandilakwirepo, ndipo masiku ena ndinkamuona akutsuka khonde ndi mpanda womwe ngati nyumba ndi yake. Bamboyu anali atasintha. Ndinamva kuti anapitako ku Legal Aid Board, amene ali ndi ofesi konkuno ku Chipata yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo ndikuganiza kuti kumeneko anamuuza zoona zake za mlandu wake, chifukwa za kugulitsa nyumba yanga sanazitchulenso.

Loya wanga anamutengera pambali, pakhonde la khoti, ine ndikuwaonera patali. Sanakweze mawu. Anamuonetsa tebulo lija, anamuonetsa uthenga wake wa pa WhatsApp, kenaka anamufunsa malisiti a matailosi ndi kalata imene ndinamuloleza kusintha za m'nyumba, popeza pangano linkati asanakhome kapena kugumula chilichonse ayambe wapempha. Analibe. Koma mabagalaba alipo, aliyense akuwaona, ndipo akatuluka atsala m'mawindo anga. Loya anabwera kwa ine n'kunena kuti tivomere kuchotsa K2,500 pa ngongole chifukwa cha mabagalabawo, iye avomere tsiku lotuluka. Ndinakwiya. Ndinati ndakulipirani kuti muzindilankhulira ine, osati iye. Anandiyang'ana, nati: "Amayi, pa mabagalaba mukhoza kupambana. Koma mudzapambana chaka chamawa, mvula itagwa n'kutha, iye akadali m'nyumba mwanu. Mukufuna K2,500 kapena makiyi?" Ndinakhala chete kanthawi, kenaka ndinati makiyi.

Masamu ake anayenda motere. Pa K12,600 tinachotsa K2,000 imene anabweretsa, n'kuwonjeza K7,200 ya miyezi 4 imene nkhani inali m'manja mwa loya ndi khoti. Tinachotsa K2,500 ya mabagalaba ndi K1,800 ya dipoziti yake. Inatsala K13,500, yoti azilipira K1,500 mwezi uliwonse. Kutuluka, pa 31 Okutobala. Zonsezi zinalembedwa, tonse tinasaina, woweruza n'kusainanso. Ichi n'chimene sindinkachidziwa ndisanapite kwa loya: mgwirizano woterewu ukasainidwa ndi khoti umakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Si zija za pansi pa mtengo wa mango zoti mawa munthu n'kukana. Akapanda kutuluka pa tsikulo, simuyambiranso mlandu. Loya amangokatenga chikalata cholamula kuti nyumba ibwezedwe, ndipo amene amabwera kudzatulutsa katundu ndi mabelifi a ku ofesi ya Sheriff, osati inu, osati alongo anu. Mabelifiwo nawo ali ndi zolipira zawo, muzisungirako kandalama.

Kwa ine sizinafike pamenepo. Tsiku la 31 linadutsa makatani akadali pawindo. Kalaliki anapita kukamuuza kuti mapepala a mabelifi akukonzedwa. Usiku wotsatira anamwino anamva Canter ikubwerera chambuyo pageti, m'mawa anapeza makiyi pansi pa chitseko chawo. Loya anandiuza kuti ndisalowe ndekha, ndilowe ndi mboni, ndijambule chipinda chilichonse ndi mamita onse ndisanasunthe kanthu. Mkati munali fungo la soya wonyowa, makoswe ataboola siling'i ya pabalaza, makoma akuda mpaka m'chiuno ndi manja a ana, mpopi wa kubafa ukudontha. Matailosi aja anali asanu ndi limodzi okha, kutsogolo kwa sinki, awiri osweka.

Ndipo pa kauntala panali bilu ya madzi ya Eastern Water ya K1,140 yosalipidwa. Apa ndiye ndikuwaimba mlandu a ofesi. Akaunti ya madzi ili m'dzina langa, pangano linkati tenanti azilipira madzi, koma pokonza mgwirizano wa kukhoti palibe anafunsa za madzi. Anthu amene agwira milandu yotere kambirimbiri anayenera kudziwa kuti wosalipira renti salipiranso madzi. Magetsi sanandivute poti mita ndi ya mayunitsi, ukapanda kugula umakhala mumdima wekha. Ya madziyo ndinalipira ndekha kuti wolowa watsopano asapeze mpopi wouma.

Za K1,500 ya mwezi ndi mwezi, analipira Novembala, Disembala ndi Januwale. Mu Febuluwale, anthu akukonzekera za Nc'wala ku Mtenguleni, foni yake inasiya kupezeka. Akuti masiku ano amakhala kwa achibale a mkazi wake, ndipo nthawi zambiri amakhala ataoloka pa Mwami kupita ku Mchinji ndi malonda ake. Ndinabwerera kwa loya ndili ndi ukali, kuti tsopano tikagwire katundu. Apa anandisangalatsanso, ngakhale zimene ananena sizinali zokoma. Anati njira ilipo, khoti likhoza kulola mabelifi kukagwira katundu wake n'kugulitsa. Koma anatenga pepala n'kundifunsa kuti bamboyu ali ndi chiyani chimene ndikuchidziwa. Sofa, TV, firiji yakale, dishi ija. Galimoto alibe, Canter inali ya hayala. Katundu wa pa okushoni amapita motchipa, mabelifi atengapo yawo, mayendedwe atengapo yawo, ndiponso katundu ali m'nyumba ya eni, achibale adzati ndi wawo. "Ndikhoza kukulipiritsani kuti tichite, amayi, koma sindikuona mukutsala ndi kanthu. Mlandu suwola. Pepala lanu sungani, tikamva kuti wagula galimoto kapena walowa ntchito ya malipiro, tidzayambira pomwepo." Wina akanangolandira ndalama yanga n'kundisiya ndikuthamangitsa mphepo.

Ndiye tiwerengere poyera. Pa mlanduwu, ku ofesi ya loya ndi kukhoti kunapita K10,200. Kuchokera kwa tenanti, chiyambire kalata ija, ndalandira K6,500. K9,000 ikadali kunja, ndipo sindikuiyembekezera kwenikweni. Ukayang'ana manambala okhawa ndaluza. Koma nyumba inabwerera popanda wina kugona m'selo, popanda ine kuimbidwa mlandu woononga kapena kuba katundu wa munthu, ndipo kuyambira Disembala muli aphunzitsi amene akulipira K2,000 tsiku lisanakwane. Ndikudziwa mayi wina wa kumsika kwathu amene anaika loko pa chitseko cha tenanti, tenantiyo n'kunena kuti m'nyumbamo munali ndalama za malonda ndi laputopu zimene zasowa. Kaya zinalimodi kaya ayi, mayiyo ndi amene anakhala woyankha mafunso, ndipo za renti yake palibe anazikumbukanso.

Kodi ofesi yotere ndi ya aliyense? Ayi. Ngati muli ndi kachipinda ka K400 ku Magazine, ndalama ya loya idya renti ya zaka ziwiri. Pamenepo lipirani kuonana naye kamodzi kokha kuti akuuzeni zoyenera ndi zosayenera, mwina ndi kalata, kenaka kafunseni ku ofesi ya makalaliki a khoti mmene munthu amasumira yekha, kapena kayeseni ku Legal Aid Board ngati mungakwanire pa anthu amene amawathandiza. Koma ngati renti ndi yokwererako, ndipo tenanti wayamba kale kutchula khoti ndi maloya, musalimbane naye pakamwa. Pitani ngongole ikadali ya miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa miyezi imene mlandu ukuyenda nayonso mukhala mukumusunga ulele. Tengani pangano, kope losainamo, ndi foni imene simunafufute mauthenga.

Chinthu china chotchipa chimene ndinagula pa ofesiyo ndi pangano latsopano, K800. Ndi masamba anayi. Likunena tsiku lolipira, likunena kuti bilu ya madzi izionetsedwa kwa ine mwezi uliwonse, likuletsa kusunga matumba a mbewu m'nyumba, likunena kuti chokhoma chilichonse popanda chilolezo cholemba sichidzawerengedwa pa renti, ndipo pali malo osaina munthu wachiwiri womuimira tenanti, ndi kope la NRC, chiphaso cha unzika, cha onse awiri. Ndinaumirira kuti andimasulire mzere uliwonse titakhala pansi, osati chiimire, ndipo anatero. Anamwino aja nawonso anasaina lomwelo osadandaula.

Chimene ndikudikirabe ndi pepala lofotokoza K1,500 ija, kuti mapepala anali angati ndipo maulendo anali a kuti. Mtsikana wa pakhomo akuti likukonzedwa. Lachisanu ndikapita kutauni kukatenga zitenje ndikakweranso masitepe aja.